Funsani Makaniki: Mustang, Fairmont GT ndi Mavuto a Injini Zakale za V8

Makalata a mwezi uno tawasankha pa mutu umodzi. Onse akukhudza magalimoto amphamvu a ku America amene amatchedwa muscle car pamodzi ndi abale awo, ndiko kuti magalimoto a thupi lapakatikati onyamula injini yaikulu ya masilinda 8. Nyengo yawo inayamba mu 1964, chaka chimene Pontiac GTO inatuluka ndiponso chimene kampani ya Ford inaonetsa Mustang koyamba ku New York pa 17 April, ndipo inazilala cha m'ma 1973 pamene mafuta anakwera mtengo ndi malamulo a utsi anakhwima. M'misewu ya ku Malawi magalimoto otere ndi osowa, koma ku South Africa alipo ndithu, ndipo ena mwa amene amawakonza m'magalaja a kumeneko ndi abale athu.

Funso: Bambo Makaniki, ndimagwira ntchito pa galaja ina kuno. Kasitomala anabweretsa Mustang ya 1967 imene injini yake ya 289 (nambalayi ndi kukula kwa injini m'makyubiki inchi) inafa, ndipo tinaikamo ya 302 imene ogulitsa anati inachotsedwa mu Mustang ya m'ma 1980. Tinabwezeramo flywheel, mapule, distributor ndi kabureta za injini yakale. Tsopano galimoto ikunjenjemera, ikumisa ndi kulavula moto pa kabureta, ndipo ikaima pa maloboti imatentha mpaka madzi kuwira. Abwana akuti tichotse thermostat. Talakwitsa pati? Wowerenga wa ku Johannesburg.

Yankho: Achimwene, thermostat isiyeni pomwe ili, chifukwa mlandu si wake. Zizindikiro zitatu mwatchulazi zikuoneka kuti zili ndi magwero atatu osiyana, koma onse akuchokera pa chinthu chimodzi. Injini za Ford za banja la Windsor zimafanana kwambiri kunja kuyambira m'ma 1960 mpaka m'ma 1990, ndipo mabawuti ambiri amalowa m'mabowo omwewo, komabe m'kati mwake kampani inasintha zinthu zingapo zimene munthu sangazione pongoyang'ana. Choncho ntchito yoyamba ndi kudziwa msinkhu wa injini mwagulayo. Pa buloko, cha pamene sitata imamangidwa, pali nambala yoyamba ndi chilembo. C akuimira zaka za m'ma 1960, D za m'ma 1970, E za m'ma 1980, ndipo nambala yotsatira ndiyo chaka, kotero kuti C8 ndi 1968 pamene E7 ndi 1987. Buloko ya mtundu umodzi inkatha kupangidwa zaka zingapo ndi nambala yomweyo, koma nthawi zambiri nambalayo ndi yokwanira kukuuzani mbali imene injini yanu ili.

Tiyambe ndi kunjenjemera, popeza ndiko kungathe kuwononga injini mwamsanga. Crankshaft ya injini zimenezi siilinganizidwa kulemera m'kati mokha. Gawo lina la kulemerako linaikidwa pa flywheel kumbuyo ndi pa damper, gudumu lolemera lomangidwa kutsogolo kwa crankshaft, ndipo zitatuzi ziyenera kugwirizana. Pa 289 ndi pa 302 za mpaka 1980 mlingo wake unali maaunzi 28, koma kuyambira 1981 injini ya 302 inasinthidwa kukhala ya maaunzi 50. Flywheel ya 289 imene mwabwezerayo ndi ya 28, ndipo ngati injini yanu ndi ya 1981 kapena ya chaka china chotsatira, mwamanga flywheel ya 28 pa crankshaft ya 50. Imamangika bwinobwino popanda kukana, ndipo apa ndi pamene amakaniki ambiri odziwa ntchito amagwera. Kunjenjemera kwake kumakula pamene injini ikukwera liwiro, ndipo mukapitiriza kuyenda nayo mabering'i aakulu amatha msanga. Palibe timing kapena kabureta imene ingachize zimenezi. Giyabokosi iyenera kutsika, muike flywheel ya maaunzi 50 ya mano ogwirizana ndi sitata ndi bellhousing yanu, pakuti ilipo ya mano 157 ndi ya mano 164. Damper nayonso ikhale ya 50. Dziwaninso kuti damper ya mpaka 1969 imagwira pule ndi mabawuti 3 pamene za kuyambira 1970 zimagwira ndi 4, kotero ngati mapule akale analowa popanda vuto, n'kutheka kuti munasamutsanso damper yakale, ndipo kulakwika kuli kutsogolo ndi kumbuyo komwe.

Kumisa ndi kulavula moto kukundiganizitsa za dongosolo la mawaya a mapulagi. Injini ya 289 ndi 302 yakale imayaka motere: 1-5-4-2-6-3-7-8. Koma 302 ya mtundu wa HO (High Output, kutanthauza ya mphamvu zambiri), imene inkaikidwa mu Mustang kuyambira 1982, imatsata dongosolo la 351 Windsor, lomwe ndi 1-3-7-2-6-5-4-8. Mukayerekeza manambalawa muona kuti masilinda 4 amagwera malo amodzimodzi m'madongosolo onse awiri, n'chifukwa chake injini imatha kulira ngakhale mawaya atasokonezeka, kungoti imalira modwala. Chimene chimalamula dongosololi ndi camshaft, choncho musadalire mawu a ogulitsa. Tsegulani zivundikiro za mavalavu, zunguzani injini ndi sipanala, ndipo muone valavu yolowetsa mpweya imene ikutseguka pambuyo pa ya silinda 1. Ikakhala ya 5, ndi dongosolo lakale, ndipo ikakhala ya 3, ndi la HO. Pa Ford masilinda 1 mpaka 4 ali mbali ya kumanja mukakhala pa mpando n'kuyang'ana kutsogolo, 5 mpaka 8 ali kumanzere, ndipo rotor imazungulira mosemphana ndi mivi ya wotchi.

Distributor yakaleyo ili ndi msampha wake. Kuyambira 1985 injini za HO zinayamba kukhala ndi camshaft yachitsulo cholimba ya mtundu wa roller, imene imafuna giya ya chitsulo chofanana nacho ku mapeto a distributor. Giya ya 289 ndi ya chitsulo chosungunula, ndipo ikakumana ndi camshaft yotere imaperepeseka, zinyenyeswa zake n'kulowa mu oilo. Giya yomweyo ndi imene imayendetsa pampu ya oilo, kotero tsiku limene idzathe mano injini idzazima ilibenso oilo. Zulani distributor lero lomwe muione.

Tsopano za kutentha. Galimoto yotentha ikaima koma yozizira ikamathamanga nthawi zambiri imakhala ndi vuto la mphepo yodutsa pa rediyeta kapena la pampu ya madzi, pamene yotentha ikamathamanga imaloza ku rediyeta yotsekeka kapena paipi ya m'munsi imene ikuphwafuka. Kwa inu ndikukayikira pampu. Injini za m'ma 1980 zoyendera lamba mmodzi wautali zili ndi pampu yozungulira mobwerera, ndipo inu mwaimangira mapule akale amene akuizunguza kulowera mbali yolakwika. Pampu yotere imangovundula madzi osawakankha mokwanira. Fani yake nayonso ndi yobwerera. Njira yosavuta ndiyo kusamutsa chivundikiro cha timing, pampu ndi fani za 289, zonse pamodzi, zomwenso zidzabweza paipi ya m'munsi ku mbali ya kumanja kumene rediyeta ya 1967 imailandirira. Onaninso ngati fani ili ndi chotchinga chake chozungulira, chifukwa popanda icho imakoka mphepo ya m'mbali m'malo moikoka kudutsa pa rediyeta, ndipo masamba a fani ayenera kulowa pafupifupi theka m'chotchingacho. Ngati mahedi anatsegulidwapo, gasiketi iliyonse ili ndi mawu akuti FRONT amene ayenera kukhala kutsogolo mbali zonse ziwiri, ngakhale kuti imodzi imaoneka ngati yagadamitsidwa. Ikatembenuzidwa, madzi amadutsa chidule kutsogolo osafika kumbuyo kwa injini. Timing yochedwa imatenthetsanso. Mabuku a Ford ankalemba madigiri pafupifupi 6, koma pa mtunda wa Johannesburg, umene uli mamita pafupifupi 1,750 pamwamba pa nyanja yamchere, injini zambiri zimakondwa ndi 10 mpaka 12.

Abwana anu muwafotokozere mwaulemu kuti pamene injini yafika powira, thermostat imakhala itatseguka kale yonse, ndipo kuichotsa kumangochedwetsa kuwirako ndi mphindi zochepa, kwinaku injini ikuyenda yozizira m'mawa uliwonse ndi petulo wosapsa akutsuka oilo m'masilinda. Ngati akuikayikira, aiike mu poto wa madzi ndi choyezera kutentha, aone ngati ikutseguka pa madigiri 82. Chivundikiro cha rediyeta cha 13 psi (muyeso wa mphamvu yopanikiza) chikhale chatsopano, pakuti ku Johannesburg madzi opanda mphamvu yowapanikiza amawira pa madigiri pafupifupi 94 okha.

Funso: Ndili ndi Mustang ya 1966 ya mabuleki a dramu mawilo onse. Ndinawerenga kuti anthu amaikamo mabuleki a disiki a Ford Granada, ndipo ndapeza Granada yakufa pafupi ndi kwathu pa mtengo wabwino. Ndiigule? Wowerenga wa ku Cape Town.

Yankho: Bambo, musagule. Dzina la Granada linkagwiritsidwa ntchito pa magalimoto awiri osagwirizana konse. Imene mwawerengayo ndi Granada ya ku America ya 1975 mpaka 1980, yomwe miyendo yake yakutsogolo inachokera ku banja limodzi ndi Falcon ndi Mustang. Imene inkagulitsidwa ku South Africa ndi ya ku Ulaya, ndipo ngakhale mabowo a mawilo ndi osiyana, popeza yake ndi ya mamilimita 112 pamene Mustang ya V8 ndi ya 114.3. Ngakhale mutapeza za ku America zenizenizo, zimafuna matayirodi a kunja ena, mawilo akale a mainchi 14 nthawi zambiri sakwanapo, ndipo pa magalimoto a 1965 ndi 1966 zimasinthako kakhotedwe ka mawilo pa mabampu. Masiku ano pali zida zatsopano zokopera mabuleki a Kelsey-Hayes a mapisitoni 4 amene Ford inkaika pa Mustang kuyambira 1965 mpaka 1967 kwa wogula amene wapempha, ndipo zimamangidwa pa miyendo imene muli nayo kale. Maganizo anga ndi akuti njira imeneyo ndiyo yabwino kwa inu.

Komabe chimene chikundidetsa nkhawa pa galimoto yanu si madramu ayi, koma master cylinder, kapampu kamene kamakankha mafuta a buleki mukaponda pedulo. Mpaka 1966 Mustang inali ndi ya chipinda chimodzi chodyetsa mawilo onse anayi, kutanthauza kuti paipi imodzi ikaphulika pena paliponse, pedulo imamira mpaka pansi ndipo mumatsala ndi handibuleki yokha. Kuyambira 1967 Mustang inayamba kubwera ndi ya zipinda ziwiri, china cha kutsogolo china cha kumbuyo. Imeneyi isintheni ngakhale ndalama za madisiki zisanakwane. Pogula muonetsetse kuti ikugwirizana ndi mabuleki amene mudzakhale nawo, chifukwa ya madramu imakhala ndi kavalavu kosunga mphamvu pang'ono m'mapaipi, pafupifupi 10 psi, ndipo kavalavu kameneko kakakhala pa mzere wa madisiki mapadi amakhalira kukhuza n'kumatentha. Mukaika madisiki kutsogolo pamafunikanso proportioning valve pa mzere wa kumbuyo, kuti mawilo akumbuyo asamayambe kugwira mwamphamvu n'kutembenuza galimoto pa msewu wonyowa, zomwe ku Cape Town nyengo yachisanu si zachilendo. Mapaipi atatu a labala asinthidwe onse, popeza akakalamba amafufuma m'kati pamene kunja akuoneka abwino, ndipo mafuta a buleki a DOT 3 kapena DOT 4 amamwa chinyezi, choncho athiridwe atsopano zaka ziwiri zilizonse.

Miyendo yakutsogolo ikakhala yomasulidwa kale, ganiziraninso zotsitsa pomangira mkono wa pamwamba ndi inchi imodzi, monga mmene zinachitikira pa Shelby GT350 ya 1965 potsata kuwerengera kwa injiniya wa Ford, Klaus Arning. Ntchitoyi imafuna kuboola mabowo awiri mbali iliyonse potsata chikombole choyenera, ndipo imathandiza kuti tayala likhale chogona bwino pansi pokhota. Mukatero galimoto ipite ku alayimenti.

Funso: Bambo anga anamwalira n'kundisiyira Ford Fairmont GT ya 1972 imene anagula ku South Africa kalekale. Inakhala zaka zambiri osayenda. Tsopano ikulira, koma imanunkha petulo, imavuta kuliza ikatentha, ndipo tsiku lina inazima pokwera mapiri kuchokera ku Chikwawa. Makaniki wathu anasintha thermostat koma ikutenthabe. Ndithandizeni, sindikufuna kuigulitsa. Wowerenga wa ku Blantyre.

Yankho: Pepani ndi imfa ya bambo, mayi, ndipo mwachita bwino kusaigulitsa mothamanga, chifukwa galimoto imeneyi ndi ya mtengo wapatali kuposa mmene ambiri okuzungulirani angaganizire. Fairmont GT ndi Falcon GT ya ku Australia imene inkalumikizidwa ku Port Elizabeth kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndipo chiwongolero chake chili kumanja monga magalimoto athu. Ya 1972 imayenera kukhala ndi injini ya 351 Cleveland, ya malita 5.8. Makaniki wanu atsimikize powerenga mabawuti a chivundikiro cha mavalavu, amene pa Cleveland ndi 8 ndipo pa Windsor ndi 6, komanso poona kuti paipi ya pamwamba ya rediyeta ikulowa pa buloko penipeni.

Kusiyanitsa kumeneku n'kofunika chifukwa Cleveland imafuna thermostat yakeyake. Pansi pa thermostat, m'buloko, muli kambale ka mkuwa koboola pakati, ndipo thermostat yoyenera ili ndi kachipewa kumunsi kamene kamatseka bowolo ikatseguka, kuti madzi onse apite ku rediyeta. Ya Windsor, imene ndi yosavuta kupeza m'sitolo, imakwana pamalopo koma ilibe kachipewako, kotero gawo la madzi otentha limangozungulira m'injini momwemo. Ndikuganiza kuti imeneyo ndi imene mwagulitsidwa. Onaninso ngati kambaleko kalipo, pakuti ena amakataya poganiza kuti n'kopanda ntchito.

Fungo la petulo musalitenge mopepuka, ndipo galimoto isayende mpaka gwero lake litapezeka. Petulo wa ku Malawi wakhala akusakanizidwa ndi ethanol wochokera ku zotsalira za nzimbe kuyambira 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba ntchito, ndipo ina inatsegulidwa ku Chikwawa mu 2004. Mlingo wa ethanol wakhala ukusinthasintha pakati pa magawo 10 ndi 20 pa 100 alionse. Magalimoto amakono anapangidwa moganizira zimenezi, koma labala wa m'ma 1970 amauma ndi kung'ambika akakhudzana ndi ethanol. Mapaipi onse a labala a petulo, kuphatikizapo kafupi kobisika pamwamba pa tanki, asinthidwe ndi olembedwa SAE J30 R9. Pampu ya petulo ikhale yatsopano, ndipo mununkhize ndodo yoyezera oilo, chifukwa labala wa m'pampu akabooka petulo amatsikira mu oilo. Kabureta imasulidwe, itsukidwe, iikidwe magasiketi ndi malabala amakono. Ethanol amakokanso chinyezi ndi kusungunula litsiro lakale la m'tanki, choncho tanki imene yakhala zaka itsitsidwe n'kutsukidwa, ndipo ngati ili ndi dzimbiri lochuluka ilowedwe m'malo. Mugule chozimitsira moto chizikhala pafupi ndi mpando wanu.

Kuvuta kuliza ikatentha ndi kuzima pa chitunda ndi matenda amodzi. Petulo amawira m'paipi kapena m'kabureta, ndipo pampu yakale imene ili pa injini siitha kukoka nthunzi. Kutentha kwa ku Chigwa cha Shire, chitunda chachitali ndi liwiro lochepa ndi zonse zimene vutoli limafuna. Paipi ya petulo italikitsidwe ku ekizozi ndi kukulungidwa ndi chotchinga kutentha, ndipo pakati pa kabureta ndi manifold paikidwe chopingasa cha phenolic, pulasitiki wolimba wosadutsitsa kutentha, chokhuthala theka la inchi ngati boneti ikulola. Zimenezi zikapanda kukwanira, pampu ya magetsi yomangidwa pafupi ndi tanki imathetsa nkhaniyi, bola ikhale ya mphamvu yochepa ya 5 mpaka 6 psi ndipo ilumikizidwe mwakuti injini ikazima nayonso izizima.

Pali zina ziwiri zimene simunafunse. Petulo wa mtovu anasiya kugulitsidwa m'maiko a kuno kwathu kumayambiriro kwa 2006, ndipo mtovuwo unkateteza pokhalira mavalavu otulutsa utsi. Pa galimoto yoyenda mwa apo ndi apo mankhwala othira m'tanki ndi okwanira, koma tsiku limene mahedi adzatsegulidwe muikitse zokhalira zolimba. Chachiwiri ndi matayala. Pa tayala pali nambala ya manambala 4 yosonyeza sabata ndi chaka, mwachitsanzo 2319 ndi sabata ya 23 ya 2019, ndipo ya manambala 3 ndi ya chaka cha 2000 chisanafike. Tayala la zaka zoposa 10 lichotsedwe ngakhale mapanga ake ali akuya. Makaniki wanu akhalenso ndi masipanala a mainchi, chifukwa ya mamilimita 13 pa bawuti ya theka la inchi imagwira molobodoka ndipo imadya ngodya zake.

Funso: Akulu, Mustang yanga ya 1969 ili ndi 302 ndi kabureta ya mabowo awiri. Ndikufuna mphamvu. Mnzanga akundigulitsa kabureta ya Holley ya 750 ndi camshaft ya mpikisano. Kodi ndiyambe ndi chiti? Wowerenga wa ku Lusaka.

Yankho: Achimwene, pa ziwirizo musayambe ndi chilichonse. Kukula kwa kabureta kumawerengedwa, ndipo masamu ake ndi osavuta. Chulukitsani kukula kwa injini ndi liwiro lalikulu limene imazungulira, kenaka mugawe ndi 3,456. Injini ya 302 pa maulendo 5,500 pa mphindi ikupereka pafupifupi 480, ndiko kuti makyubiki fiti a mpweya pa mphindi, muyeso umene nambala ya kabureta imaimira, ndipo popeza injini wamba imadzaza masilinda ake ndi magawo ngati 85 pa 100, mpweya umene ikufunadi ndi woposa 400 pang'ono. Kabureta ya 750 pa injini yotere ili ngati kuveka mwana nsapato za bambo ake. Mpweya umadutsa mwaulesi m'mabowo aakuluwo, sukoka petulo bwino, ndipo mukaponda mafuta galimoto imayamba yatsamwa isananyamuke. Yoyenera ndi ya 500 mpaka 600 ya mabowo anayi, imene mabowo ake awiri akumbuyo amatseguka malingana ndi kufuna kwa injini, pamodzi ndi manifold ya mtundu wa dual plane ndi ekizozi ya mapaipi awiri. Dziwaninso kuti makabureta amenewa amachoka ku fakitale atatcheredwa za m'mphepete mwa nyanja yamchere, pamene Lusaka ili pa mamita pafupifupi 1,280. Mpweya wa kumeneko ndi wopepuka, injini imataya mphamvu pafupifupi magawo 3 pa 100 pa mamita 300 alionse, ndipo majeti a Holley amatsitsidwa nambala imodzi pa mamita 600 alionse, kotero inu mudzayambira pa manambala awiri kutsika, kenaka mapulagi adzakuuzani zotsala.

Musanagule kanthu, yezani compression ya masilinda onse injini ili yotentha, ndipo kusiyana kwawo kusapitirire magawo 10 pa 100. Kenaka onani tcheni cha timing. Injini zambiri za nthawi imeneyo zinali ndi giya ya camshaft ya mano okutidwa ndi nayiloni, amene amasweka ndi ukalamba n'kukatseka sefa ya pampu ya oilo. Zunguzani crankshaft uku ndi uku mukuyang'ana rotor, ndipo ngati ikuyenda madigiri oposa 8 kapena 10 rotor isanasunthe, tcheni chatha. Mapointi atcheredwe pa mainchi 0.017, kapena alowedwe m'malo ndi kachipangizo ka magetsi monga Pertronix kamene kamabisika mu distributor yomweyo. Pochita zimenezi kumbukirani kuti Ford inaika waya wa pinki kuseri kwa dashibodi wochepetsa magetsi opita ku koilo, pamene kachipangizoka kamagwira bwino ndi mavoti 12 athunthu. Anthu ambiri amene amati injini yawo ilibe mphamvu amadabwa ndi mmene imadzukira zinthu zazing'onozi zikakonzedwa.

Camshaft ya mpikisano imasamutsira mphamvu kumtunda, kumene simufikako m'misewu ya m'tauni, ndipo imachepetsa vacuum imene booster ya mabuleki imadalira, yomwe pa mtunda wa Lusaka ndi yochepa kale. Ngati mtsogolo mudzaika ina yofatsa, idze ndi malifita atsopano, ndipo poiliza koyamba injini izungulire pakati pa 2,000 ndi 2,500 kwa mphindi 20 mpaka 30 osaisiya pa idling. Camshaft ya malifita afulati imafuna oilo wa zinc wokwanira, wotchedwa ZDDP, amene anachepetsedwa m'maoilo opepuka amakono pofuna kuteteza catalytic converter. Oilo wa 20W-50 wolembedwa kuti ndi wa injini zakale ndiye woyenera.

Funso: Mustang yanga ya 1968 ndi ya otomatiki. Yayamba kutulutsa utsi woyera, magiya akuchedwa kulowa, ndipo oilo wa giyabokosi akuchepa koma pansi sipakudontha. Komanso pa msewu waukulu injini imalira kwambiri. Wowerenga wa ku Leeds.

Yankho: Bambo, ngati madzi a m'rediyeta sakuchepa, hedi gasiketi musaikhudze. Giyabokosi yanu iyenera kukhala C4, ndipo kumbuyo kwake kuli kachitini kotchedwa modulator kolumikizidwa ku manifold ndi paipi yaing'ono. Labala wa m'kati mwake akabooka, injini imayamwa oilo wa giyabokosi n'kumuwotcha, ndipo utsi woyerawo, kuchepa kwa oilo ndi kuchedwa kwa magiya zonse zimachokera pamenepo. Zulani paipiyo, ndipo mukapeza oilo wofiira m'kati mwake, sinthani kachitiniko. Ndi ntchito ya ola limodzi. Pothira oilo wina, C4 ya zaka zimenezo imafuna Type F. Popeza muli ku Britain, kumene petulo wamba anakhala E10, wa ethanol mpaka magawo 10 pa 100, kuyambira September 2021, werenganinso zimene ndayankha mayi a ku Blantyre, ndipo muzithira wa super wolembedwa E5.

Kulira kwa pa msewu waukulu si matenda, ndi mmene galimotoyo inapangidwira. C4 ili ndi magiya atatu okha, ndipo yomaliza ndi ya 1 kwa 1. Ndi difu ya 3.00 ndi matayala a mainchi 25, pa mamailosi 70 pa ola injini imazungulira cha m'ma 2,900. Giyabokosi ya AOD, imene Ford inatulutsa mu 1980, ili ndi giya yachinayi ya 0.67 yomwe ingatsitse nambalayo kufika cha m'ma 1,900, ndipo imamangika ku 289 kapena 302 ya mabawuti 6. Pamafunika flexplate, imene imalowa m'malo mwa flywheel pa otomatiki, ya mano 164 ya kulemera kogwirizana ndi injini yanu, yomwe pa ya 1968 ndi maaunzi 28, chopingasa china chogwirira giyabokosi, ndiponso kuyezanso kutalika kwa propshaft. AOD ilibe modulator, ndipo mphamvu ya oilo wake imalamulidwa ndi chingwe chotchedwa TV (throttle valve) chochokera ku kabureta. Chingwechi chitcheredwe ndi geji yoyezera mphamvu ya oilo galimoto isanatuluke pa geti, chifukwa chikakhala cholobodoka makilatchi a m'kati amapsa m'makilomita ochepa okha.